Britain ikuwerenga dokotala mmodzi kawiri

Ku Britain kuli madokotala amene maina awo ali m'mabuku awiri a boma. Unduna wa za umoyo umawawerenga ngati antchito a NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma, ndipo Lolemba m'mawa umayembekezera kuwapeza ku fiyeta atavala kale magolovesi. Unduna wa za chitetezo nawo umawawerenga ngati asilikali a rizevu, anthu amene ali ndi ntchito zawo za tsiku ndi tsiku koma anaphunzitsidwa usilikali kuti aziitanidwa zinthu zikavuta. Kukakhala mtendere mabuku awiriwa sakangana. Koma munthuyo ndi mmodzi, manja ake ndi awiri basi.

Kwa zaka zambiri akuluakulu a asilikali m'dzikomo akhala akudandaula kuti madokotala a rizevu sakukwana, makamaka aja amene nkhondo imawafuna msanga: ochita maopaleshoni, ogonetsa odwala ku fiyeta, a ku zangozi ndi a ku wodi ya odwala mwakayakaya. Mankhwala amene amalembera vutoli amakhala omwewomwewo. Amakhoma zithunzi za dokotala akumwetulira atavala yunifomu ya mawangamawanga, amakaika tebulo pa misonkhano ya madokotala, amawonjezerako kandalama ka pachaka. Ine ndikuona kuti akusaka polakwika. Dokotala wa rizevu ndi wobwereka, ndipo mwini wake ndi chipatala, kutanthauza mkulu wa dipatimenti, mayi wolemba ndandanda wa mashifiti, ndi madokotala anzake amene amasenza ntchito yake iye akachoka. Anthu amenewa ndiwo amachititsa kuti dokotala akhalitse pa usilikali kapena abweze yunifomu, koma ndi amene asilikali amawaganizira pomalizira.

Dzikoli silinayambe choncho. Kale asilikali anali ndi zipatala zawozawo, zokhala ndi madokotala ndi anamwino awo. Mkangano wa America ndi Soviet Union utatha, boma linayamba kudula ndalama, ndipo kauniuni wa mu 1994 wotchedwa Front Line First anagwetsa nkhwangwa pa zipatalazo. Cambridge Military Hospital ya ku Aldershot inatsekedwa mu 1996. Chomalizira m'dzikomo chinali Haslar, pafupi ndi Portsmouth, chomwe chinayamba kulandira odwala mu 1753. Asilikali anachisiya mu 2007 ndipo chinatsekedwa mu 2009. Ambiri analira, koma pa mfundo imodzi otsekawo ankanena zoona. Msilikali pa nthawi ya mtendere ndi mnyamata wathanzi, matenda ake ndi bondo lobinya ndi chimfine. Dokotala wa maopaleshoni akakhala chaka chathunthu akuona anthu otere, luso limamuthawa m'manja. Ndiye ngakhale madokotala olembedwa usilikali weniweni anawatumiza kukagwira ntchito m'zipatala za NHS monga Frimley Park, Derriford ku Plymouth ndi Queen Elizabeth ku Birmingham, kumene asilikali ovulala kunkhondo amafikira. Chisankhocho ndimagwirizana nacho. Koma mtengo wake ndi wakuti dzikolo lilibenso nkhokwe ina ya madokotala pambali. Onse, a yunifomu ndi a rizevu omwe, amatuluka m'makomo a zipatala zomwezo.

Dongosololi linaonetsa mphamvu zake ku Afghanistan, ndipo sindikufuna kulichepetsa. Chipatala cha ku Camp Bastion m'chigawo cha Helmand chinayamba ndi matenti mu 2006, kenako nkukhala chimodzi mwa zipatala zodziwika kwambiri padziko pa nkhani yopulumutsa anthu ovulala modetsa nkhawa. Magulu a rizevu ochokera ku Wales, Scotland, Northern Ireland, Liverpool ndi kwina ankasinthanasinthana kuchiyendetsa. Asananyamuke ankayamba apita ku Strensall, kufupi ndi York, kumene munyumba yaikulu anamangamo chifanizo cha chipatala cha Bastion. Ankabweretsa anthu oduka miyendo enieni, olembedwa ganyu, nkuwapaka magazi abodza ndi zinthu zooneka ngati minofu yong'ambika. Munthuyo ankalowa pa machira akukuwa, phokoso la helikopita likumveka pa sipika, ndipo namwino amene dzana ankagawa mapilitsi ku wodi ya okalamba ankayenera kudula yunifomu ndi sizasi, kupeza pomwe magazi akutuluka ndi kumanga lamba pamwamba pa bala pasanathe mphindi. Pofika ku Helmand gulu limakhala litadziwana kale, aliyense akudziwa poima.

Mu 2009 bungwe loyendera zipatala la Healthcare Commission linayamikira kwambiri chisamaliro cha ovulala kunkhondo, nkunena kuti NHS ili ndi zophunzirapo. Ndipo inaphunziradi. Kumanga lamba woletsa magazi msangamsanga, kupereka magazi ndi madzi a m'magazi koyambirira m'malo mothira madiripi ambirimbiri, kugwiritsa ntchito mankhwala ochepetsa kutaya magazi a tranexamic acid, kutumiza dokotala wamkulu pa helikopita kuti chithandizo chiyambire m'mwamba momwemo, zonsezi zinakhwimira kunkhondo, ndipo amene anazibweretsa m'zipatala za kwawo ambiri anali a rizevu omwewa. Pamene England inkakhazikitsa zipatala zapadera za ovulala kwambiri m'dziko lonse mu 2012, anthu odziwa za Bastion anali m'kati mwa ntchitoyo. Kumeneku ndiko kunali kubweza kwa chobwereka: chipatala chinkataya dokotala kwa kanthawi, nkumulandira ali ndi luso limene sakadalipeza kwina.

Asilikali a Britain anachoka ku Bastion mu Okutobala 2014. Chaka chomwecho kunabwera Ebola ku Sierra Leone, kumene achipatala a usilikali anakagwira ntchito ku Kerry Town, ndipo namwino wa rizevu Anna Cross anatenga matendawo mu 2015 nkukachirira ku chipatala cha Royal Free ku London. Mu 2020 kunabwera Covid-19. Koma masiku ambiri a dokotala wa rizevu chichokereni ku Helmand akhala a maphunziro, mafomu, kuyezedwa kuthamanga ndi kumvera malamulo amene anawamva kale chaka chatha. Munthu amene anathera zaka 14 kapena 15 akuphunzira kuti afike pa udokotala waukulu ukamuitana Loweruka kuti adzawerenge mabulangete m'sitolo ya baraki, abwera kawiri, kachitatu apeza chifukwa. Apa asilikali angathe kukonza okha popanda kupempha wina, ndipo sindikhalitsapo. Pali povuta kwambiri.

Tiyerekeze dokotala wogonetsa odwala pa chipatala cha m'tauni yaing'ono, dipatimenti ya madokotala akuluakulu 12. Usilikali wa rizevu umafuna masiku 27 pachaka, kapena 19 m'magulu ena a akatswiri. Ambiri mwa masikuwa ndi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata, koma pali kampu ya milungu iwiri yotsatizana. Dokotalayo akulowa mu ofesi ya mayi wolemba ndandanda, kapepala kali m'manja. Mayiwo akuyang'ana pa kompyuta, pomwe mabokosi atatu a mwezi umenewo ndi ofiira kale chifukwa wina ali ku tchuthi cha uchembere, wina akudwala, ndipo malo amodzi akhala opanda munthu chiyambire chaka.

“Adokotala, milungu iwiri yonseyi ndiikapo ndani?”

“Ndinakuuzani kalekale, mayi.”

“Munandiuzadi. Koma wolowa m'malo mwanu simunandipatse.”

Palibe amene walakwa m'chipindamo. Tchuthicho achipeza, chifukwa zipatala zambiri za NHS zinalonjeza kupereka masiku 10 olipidwa kwa antchito a rizevu, ndipo zina zili ndi mendulo ya golide yochokera ku unduna wa za chitetezo yoikira umboni. Koma mendulo siyigonetsa wodwala. Mashifiti ausiku aja agwera anzake, maopaleshoni ena a mabondo ndi ziuno asunthidwa, ndipo pobwerako dokotala wathu apeza anzake akumupatsa moni wozizira. Palibe amutukwane. Wina angomufunsa ku tiyi kuti, “Mwasewera bwanji kutchireko?” Kunyumbanso mkazi kapena mwamuna wake awerenga masabata amene wakhala yekha ndi ana. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pakatha zaka zitatu kapena zinayi munthu amasankha phanga limene limalipira ngongole ya nyumba.

Tsono taonani mmene ndalama zinakonzedwera. Pa masiku a maphunziro aja olemba ntchito salandira kanthu kolipirira wogwirizira. Thandizo limabwera pokhapokha munthu akaitanidwa kukatumikira. Pamenepo olemba ntchito amasiya kumulipira, asilikali nkumusenza, ndipo ngati wogwirizira wadula kuposa malipiro a mwini malo, boma limawonjezera ndalama yosapitirira £110 patsiku. Kwa mwini galaja amene makaniko wake waitanidwa, ndalamayi ingathandize. Koma dokotala wamkulu wa lokamu, wolembedwa ganyu yogwirizira, amatha kudya ndalama yonga imeneyo pa ola limodzi, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala ndalama yokha, munthuyo sapezeka nkomwe. Makampani ang'onoang'ono amalandiranso £500 pamwezi pa munthu aliyense woitanidwa, kutsatira lamulo la mu 2014, koma ndalama imeneyo anaikonzera mabizinesi, osati chipatala chachikulu cha boma. Nthawinso siigwirizana. Kawirikawiri wa rizevu amauzidwa kutatsala masiku 28, pamene zipatala zambiri zimafuna milungu 6 kuti dokotala aimitse kiliniki yake mwadongosolo. Lamulo limalola olemba ntchito kupempha kuti kuitanidwako kuchedwetsedwe kapena kufafanizidwe ngati ntchito yawo ingasokonekere kwambiri. Chipatala chimene mndandanda wa odikira ukuchipanikiza chidzapempha, ndipo sindingachidzudzule. Mu Seputembala 2023 mndandanda wa odikira chithandizo ku England unafika cha m'ma 7.7 miliyoni. Mkulu wa chipatala amafunsidwa za chiwerengero chimenecho mwezi ndi mwezi. Za kukonzekera nkhondo palibe amamufunsa.

Lamulo la mu 1985 limateteza ntchito ya wa rizevu kuti akabwerako aipeze, ndipo la mu 1996 limalongosola za kaitanidwe. Malamulo onsewa amaona munthu mmodzi ndi bwana wake. Saona dipatimenti imene yatsala ndi anthu 11 pa ntchito ya anthu 12, yomwe kale inali ya anthu 14.

America inaphunzira phunziro lofanana ndi ili mowawa. Pa nkhondo ya ku Gulf ya 1990 mpaka 1991 inaitana madokotala ambiri a rizevu, ndipo ochuluka anali ndi makiliniki awoawo. Pobwerako anapeza odwala anasamukira kwina, antchito anabalalika, lendi ikudikira. Ambiri anatula pansi usilikali. Pambuyo pake gulu la nkhondo la pamtunda linakhazikitsa lamulo loti dokotala wa rizevu azikhala kumalo a nkhondo masiku 90 okha nkusinthana ndi wina. Britain nayo ku Bastion inkatumiza madokotala akuluakulu ambiri kwa milungu yowerengeka, pamene msilikali wamba ankakhala miyezi 6. Ena ankaona ngati nkukondera. Ine ndimati kunali kuwerenga bwino, chifukwa dokotala amene wapita kanayi kwa milungu 8 wapereka zambiri kuposa amene wapita kamodzi kwa miyezi 6 nkulumbira kuti sadzabwereranso. Munthu amapirira zambiri akadziwa tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera, ndipo chipatala nacho chimapirira chikadziwiratu.

Alipo amene amati nkhani yonseyi ndi ya malipiro, ungowonjezera ndalama madokotala abwera okha. Ndalama ili ndi gawo lake, sindikana. Bonasi ya pachaka yosadulidwa msonkho imayambira pa mapaundi mazana angapo nkukafika cha m'ma £2,000 pa chaka chachisanu, ndipo dokotala wamkulu angaipeze ndalama imeneyo pogwira lokamu masiku awiri kapena atatu osachoka m'tauni yake. Panalinso zaka zimene malamulo a msonkho wa penshoni ankalanga madokotala akuluakulu akagwira maola owonjezera, mpaka ena anayamba kukana ntchito, boma lisanakweze malire mu 2023. Munthu amene akuopa kalata ya msonkho sangawonjezere ntchito yachiwiri. Koma tinene zoona, palibe boma limene lingapikisane ndi msika pa mtengo wa dokotala wa maopaleshoni. Amene amalowa rizevu salowera ndalama. Amalowera anzawo, luso, ndi kumva kuti akuchita chinthu cholemera. Ndalama yowonjezera ikakhalapo, ndingakonde ipite kwa amene amatsala pa wodi kusiyana ndi kwa amene akupita, chifukwa otsalawo ndiwo sanasankhe kanthu.

Enanso amati ngati madokotala sakufuna, lamulo liwakakamize. America inachitapo zimenezi kuyambira 1950 mpaka 1973, ndipo mpaka lero ili ndi dongosolo losungidwa m'kabati loti ingalembe achipatala mokakamiza zinthu zitafika poipa. Ukraine, imene ili pa nkhondo yeniyeni, inalamula kuti amayi ophunzira zachipatala alembetse ku usilikali kuyambira Okutobala 2023. Dziko likamalimbana ndi imfa yake lingachite zimenezo. Koma kukakamiza sikubala dokotala watsopano ngakhale mmodzi, kumangomusuntha kuchoka buku lina kupita lina. Ndiponso dokotala amene sanaphunzirepo kugwira ntchito m'tenti, magetsi akuzimazima, magazi osungira atatsala mabotolo anayi ndipo ovulala ali 10, sasanduka wa nkhondo chifukwa walandira kalata. Luso losankha woyamba kumuthandiza ndi womusiya limafuna zaka zoyeserera pamodzi ndi gulu.

Pakhomo polowera paliponso minga, ngakhale ndati vuto lalikulu silili pamenepo. Mu 2012 asilikali anapereka ntchito yolemba anthu kwa kampani ya Capita, ndipo mu 2018 ofesi yolondoloza ndalama za boma inapeza kuti wofuna usilikali ankatha kudikira masiku 321 kuchokera pofunsira mpaka poyamba maphunziro. Chiwerengerocho chinali cha asilikali wamba, koma chikuonetsa mtundu wa khomo. Dokotala wa zaka 40 amene wadzipereka yekha ukamuyendetsa miyezi ndi miyezi pa nkhani ya mphumu imene anadwala ali mwana, chidwi chimazilala. Boma linalonjeza mu 2013 kuti lidzakhala ndi asilikali a rizevu ophunzitsidwa 30,000 m'gulu la pamtunda, linasintha dzina la Territorial Army kukhala Army Reserve, koma chiwerengerocho sichinakwane pa nthawi yake. Mu Novembala 2024 linaphatikizanso magulu a madokotala, a mano ndi anamwino kukhala Royal Army Medical Service. Maina ndi mabaji amasintha msanga kuposa ndandanda wa mashifiti.

Pali mbali ina imene imakhudza ife mwachindunji. Pafupifupi madokotala 4 mwa 10 aliwonse ogwira ntchito ku Britain anaphunzirira kunja, ndipo m'zaka zaposachedwa oposa theka la olembetsa kumene akhala ochokera kunja. Koma kuti ulowe rizevu uyenera kukhala nzika ya Britain, ya Ireland, kapena ya dziko la Commonwealth yokhala ndi chilolezo chokhazikika, chomwe kwa ambiri chakhala chikutenga zaka 5. Dokotala wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique angalowe akadikira. Wa ku Zimbabwe, dziko lomwe linatuluka mu Commonwealth mu 2003, ayambe wapeza unzika, chimodzimodzi wa ku Egypt kapena Sudan. Choncho chiwerengero cha madokotala amene asilikali angakolole nchochepa kuposa mmene mabuku a NHS akuonetsera. Ndipo tembenuzani nkhaniyi muione kumbuyo. Dokotala wa rizevu akachoka pa wodi, amene amatsala akugwira usiku kawirikawiri ndi wobwera uja, mwina m'bale wathu amene anaphunzira ku College of Medicine ku Blantyre. Chitetezo cha Britain chikutsamira pa mapewa ake ngakhale sanavale yunifomu. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pa mndandanda wa mu 2023 wa WHO, bungwe la za umoyo padziko lonse, wa maiko 55 osowa kwambiri achipatala, ndipo malamulo a Britain amaletsa kukakopa antchito m'maiko amenewa, ngakhale munthu wofunsira yekha saletsedwa. Ndikanena kuti boma lilipire malo owonjezera m'zipatala, ndikutanthauza kuti liphunzitse anthu ake odzaza malowo. Likapanda kutero, dzenje lokumbidwa ku Birmingham lidzakwiriridwa ndi dothi lochokera ku Queens ndi ku Kamuzu Central.

Ndipatuke pang'ono pa nkhani imene zithunzi zokopa anthu sizinena. Dokotala wa usilikali amamvera mabwana awiri, lumbiro la udokotala ndi lamulo la mkulu wa asilikali. Ku Bastion ankathandiza aliyense wobwera pa machira, msilikali wa Britain, mwana wa ku Afghanistan, ngakhale wa Taliban, monga mapangano a ku Geneva okhudza malamulo a nkhondo amafunira. Koma mabedi ankayenera kukhala okonzekera ovulala ena, ndiye odwala a m'dzikomo ankasamutsidwira ku zipatala za kwawo zomwe madokotala ankadziwa kuti sizingapereke chisamaliro chofanana. Ambiri zinawapweteka mumtima. Ku Basra m'dziko la Iraq mu 2003 munthu wina wa komweko, Baha Mousa, anafera m'manja mwa asilikali a Britain ali ndi mabala 93, ndipo mu 2012 dokotala wa gulu la asilikaliwo analandidwa chiphaso cha udokotala chifukwa cha zimene ananena ndi zimene sananene pa nkhaniyo. Dokotala wanzeru amazidziwa izi asanasaine. Kumukopa ndi nkhani za kukwera mapiri ndi kutsetsereka pa chipale chofewa nkumuyesa mwana. Muuzeni zovutazo, mumuuzenso amene adzaime naye tsiku limene adzakane lamulo loipa.

Chimene chikundichititsa kulemba tsopano ndi Ukraine. Ku Helmand mlengalenga munali mwa Britain ndi anzake. Helikopita inkanyamula wovulala msanga, ndipo pasanathe masiku ochepa amakhala ali pa bedi ku Birmingham. Pa zaka zonse za nkhondoyo asilikali a Britain omwalira anali oposa 450, chiwerengero chowawa koma chimene chipatala chimodzi chabwino chinkatha kupirira ovulala ake. Ku Ukraine madironi amasaka chilichonse choyenda, ambulansi yomwe, ndipo wovulala amatha kugona m'dzenje maola ambiri, nthawi zina masiku, asanafike kwa dokotala. Ovulala amabwera mazanamazana. Nkhondo yotere itakhudza NATO, mgwirizano wa chitetezo umene Britain ilimo, dzikolo silidzafuna gulu limodzi la rizevu losinthana miyezi itatu iliyonse. Lidzawafuna onse pakamodzi. Sabata yomweyo zipatala za NHS zidzauzidwa kuti zikonze mabedi olandirira ovulala obwera kwawo, mwinanso anthu wamba ovulala m'dzikomo. Khasu lobwereka limakoma m'chilimwe, koma mvula yoyamba ikagwa mwini wake amalifuna m'mawa womwewo umene iwe ukulifuna. Wogonetsa odwala amene buku la chitetezo lamuika m'tenti ku Estonia ndi yemweyo amene buku la umoyo lamuika ku fiyeta ku Leeds.

Kauniuni wa chitetezo wa mu Juni 2025, wotsogoleredwa ndi Lord Robertson, anavomereza kuti zachipatala za asilikali zikufunika kumangidwanso mogwirizana ndi unduna wa za umoyo, ndipo anati a rizevu awonjezereke ndi 20 pa 100 ndalama zikadzalola. Mawu oti “zikadzalola” tonse timawadziwa kulemera kwake. Koma pali zimene sizifuna kudikira. Maunduna awiriwa akhale pansi ndi mndandanda umodzi, chipatala ndi chipatala, dipatimenti ndi dipatimenti, aone kuti a rizevu onse ataitanidwa lero ndi fiyeta ziti zingatsekedwe. Kungatheke kuti chipatala china chili ndi ogonetsa odwala asanu a rizevu pamene choyandikana nacho chilibe ndi mmodzi yemwe, ndipo zotere ndi bwino kuzidziwa kukadali mtendere.

Kenako unduna wa za chitetezo ulipire zimene ukubwereka, ndipo ulipire kwa mwini wake. Masiku a usilikali alembedwe mu kontirakiti ya dokotala ngati mbali ya ntchito yake, monga mmene amalembera masiku ophunzitsa ku yunivesite kapena ochita kafukufuku, ndipo ndalama ya masiku amenewo ichokere ku thumba la chitetezo chaka ndi chaka, kuli nkhondo kapena kulibe. Dipatimenti imene ili ndi a rizevu angapo ipatsidwe malo owonjezera a dokotala wokhazikika, olipiridwa kuchokera komweko, kuti mayi wa ndandanda uja akamva za kampu ya milungu iwiri akhale ndi dzina lolemba m'bokosi. Masiku a kampu ndi a ulendo adziwike chaka chisanayambe, ndipo asilikali akasintha mochedwa alipire okha mtengo wa kusinthako. Nduna ya zachuma idzati nzodula. Nzodula ndithu, koma mtengowo ukulipidwa kale, kungoti akuulipira ndi madokotala otsala pa shifiti ya usiku ndi agogo amene opaleshoni yawo ya chiuno yasunthidwa kachitatu, ndipo sulembedwa mu bajeti ya unduna uliwonse.